Lamulo la patenti palokha silibweretsa kafukufuku

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa mfundo imene imamveka kawirikawiri anthu akamakambirana zokopa makampani akunja, yakuti dziko likangokhwimitsa malamulo a patenti, oteteza umwini wa zinthu zimene anthu atulukira, makampani akuluakulu adzathamangira kudzatsegula malo a kafukufuku m'nthambi zawo. Mfundoyi ili ndi choonadi chake, koma zimene zinachitika ku India zikusonyeza kuti zinthu siziyenda mophweka chomwecho.

Mu 1970 dziko la India linakhazikitsa lamulo lakuti pa mankhwala ndi zakudya, patenti iziteteza njira yopangira chinthu osati chinthucho. Choncho kampani ya m'dzikomo inali ndi ufulu wopanga mankhwala omwewo amene kampani ya ku Ulaya kapena ku America inatulukira, bola ipeze njira yakeyake yowapangira. Lamuloli linasintha mu 2005 pofuna kutsatira pangano loteteza umwini wa nzeru la TRIPS, la bungwe loona zamalonda padziko lonse la WTO. Panganoli linayamba kugwira ntchito mu 1995 ndipo limafuna kuti patenti iziteteza ngakhale chinthu chenichenicho, komanso ikhale ya zaka 20. Koma makampani akunja sanadikire 2005. Texas Instruments ya ku America inatsegula malo ake mumzinda wa Bangalore ku India mu 1985, ndipo General Electric inatsegula malo aakulu a kafukufuku mumzinda womwewo mu 2000. Chimene chinawakoka ndi mainjiniya ophunzira bwino, ochuluka, amene malipiro awo anali otsika poyerekeza ndi a kwawo.

Funso limene olimbikitsa mfundo ija safunsa ndi lakuti: nanga makampaniwa ankadziteteza bwanji kumalo kumene sankadalira kwenikweni makhoti? Wofufuza wina, Minyuan Zhao, anasonyeza mu 2006 kuti makampani oterewa amaigawa ntchito mwadala. Nthambi imene ili m'dziko la malamulo ofooka imapatsidwa kachigawo kamene pakokha n'kopanda ntchito, kofunika kukalumikizidwa ndi zigawo zina zimene zili kulikulu kapena kunthambi ina, moti ngakhale injiniya atasiya ntchito n'kupita kwa opikisana nawo, amachoka ndi chidutswa chimene sangapangire kanthu. Zili ngati telala wouzidwa kuti azisoka makolala okhaokha, pamene nsalu, muyeso ndi kasitomala zili m'manja mwa mwini shopu. Apa m'pamene ndikuvomereza kuti lamulo lili ndi mphamvu, chifukwa likakhala lodalirika likulu limalimba mtima kutumiza nzeru zake zatsopano kunthambi ndi kuipatsa ntchito yathunthu. Komabe kubwera kumene kwa kafukufukuyo kumadalira anthu ndi msika.

Msikawo ndi umene unachititsa mainjiniya a General Electric ku Bangalore kupanga makina opimira kagundidwe ka mtima otchedwa MAC 400, aang'ono moti dokotala amatha kuwanyamula m'chikwama, oyendera batire, oyenera zipatala za kumudzi kumene magetsi ndi osadalirika. Nzeru yotere sikanabwera kwa munthu wokhala pachipatala chachikulu cha ku America, kumene magetsi sathimathima. Inachokera kwa anthu odziwa kuti wodwala wa kumudzi sangayende ulendo wa tsiku lonse kukangopimitsa mtima.

Nkhani ya Novartis, kampani ya mankhwala ya ku Switzerland, ndiyo imandiphunzitsa zambiri. Mu April 2013 khoti lalikulu la India linakana kuipatsa kampaniyi patenti ya Glivec, mankhwala a khansa ya m'magazi, ponena kuti kusintha pang'ono mankhwala odziwika kale popanda kusonyeza kuti akuchiza bwino koposa si kutulukira chatsopano, monga mmene ndime 3(d) ya lamulo lawo imanenera. Akuluakulu a kampaniyi anadandaula kuti chigamulochi chidzafooketsa chidwi choika ndalama m'kafukufuku ku India. Koma kampaniyi sinachoke, ndipo ku Hyderabad ili ndi malo aakulu olemba anthu masauzande, ena mwa iwo ogwira ntchito yokonza mankhwala atsopano. Kudandaula pa khoti ndi kusamuka m'dziko ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo boma limene silisiyanitsa ziwirizi limagonja msanga pokambirana.

Ife nkhaniyi ikutikhudza kudzera m'botolo la mankhwala. Aliyense amene anatengerapo m'bale wake ma ARV kuchipatala atembenuze botololo awerenge timalemba tam'munsi, ndipo kawirikawiri adzapeza dzina la mzinda wa ku India. Mu 2001 kampani ya ku India ya Cipla inalengeza kuti ikhoza kugulitsa ma ARV atatu ophatikiza pa madola 350 pa munthu pachaka, pamene mtengo wa makampani a patenti unkapitirira madola 10,000. Popanda kutsika kwa mtengo koteroko, n'kovuta kuganiza mmene dziko lathu likanayambira kupereka ma ARV kwaulere mu 2004. Ndipo luso la Cipla ndi anzake linakula m'zaka zimene lamulo la 1970 linawapatsa mpata wophunzira potengera.

Lamulo la mapatenti limene tinalowa nalo mu ufulu ndi la 1957, la nthawi ya chitaganya, ndipo palibe angatsutse kuti malamulo otere amafunika kulembedwa mwatsopano. Ndifenso mamembala a ARIPO, bungwe la maiko a mu Africa lolembetsa mapatenti la ku Harare, kumene kampani yakunja imatha kulembetsa patenti yogwira ntchito kuno popanda kulemba ntchito Mmalawi ndi mmodzi yemwe. Pempho langa kwa aphungu ndi akuluakulu a zamalonda n'lakuti asataye mwayi umene WTO inapereka kwa maiko osaukitsitsa, wosakakamizidwa kuteteza mapatenti a mankhwala mpaka 2033, poyembekezera kuti wina adzatithokoza potimangira labotale. Kampani ikamapempha chitetezo chokhwima, aifunse kuti nthambi yake ya ku Blantyre kapena ku Kanengo idzalemba asayansi angati ochokera ku MUST ndi MUBAS, idzawapatsa gawo liti la ntchito, ndiponso patenti ya zimene adzatulukire idzalembetsedwa m'dzina la yani.

Wowerenga wanu,
Zomba