Mwana wanga ndi wanzeru koma kuwerenga kukumukanika

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimagulitsa tomato ndi anyezi kuno ku Bangwe. Chandisowetsa tulo ndi mwana wanga wachisamba, mnyamata wa zaka 12 amene akadali Sitandade 4. Kalasi imeneyi akuibwereza kachiwiri, moti mlongo wake wa zaka 9 wamupeza momwemo.

Mwanayu si wopepera ayi. Loweruka ndikamusiyira benchi amabweza chenji osaphonya ngakhale K50. Wailesi ya bambo ake itafa anaidzutsa ndi iyeyo. Nthano mukamuuza lero, mawa akufotokozerani yonse mpaka nyimbo yake. Koma mungomupatsa buku, thukuta kamukamu. Amasokoneza b ndi d, pamene alemba "bala" iye amati "dala", ndipo maphatikizo ngati nkha, mphe ndi ng'o amangowadumpha. Mawu amene tawerenga limodzi usiku, m'mawa amawayang'ana ngati alendo. Anzake anamupatsa dzina loti agogo a m'kalasi, ndiye Lolemba likafika sipalephera mutu kapena m'mimba.

Ndisabise, ndamukwapulapo kangapo poyesa ndi ulesi. Ndalipira patitaimu zaka ziwiri. Maso tinakayezetsa, alibe vuto. Apongozi anga anati analodzedwa, anakamutemera mphini kumudzi, koma palibe chinasintha.

Mwezi wathawu mayi wina wa kumpingo kwathu anakhala naye masana onse. Iwowa ndi mphunzitsi, anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi komwe amasula aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera. Anati zikuoneka ngati dyslexia: ubongo umavutika kulumikiza chilembo ndi liwu lake, pamene nzeru zili bwinobwino. Akuti zilibe mapiritsi. Chofunika n'kumuphunzitsa maliwu pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, azichiona chilembo, kuchimva, kuchitchula ndi kuchilemba ndi chala pamchenga. Anandilangiza ndikaonane ndi ahedi komanso a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale m'dera lathu, ku ofesi yawo ya TDC kuti mwana aunikidwe. Aphunzitsi ake sindiwada, m'kalasimo muli ana opitirira 100, angamuone nthawi yanji?

Kenako anati vutoli nthawi zambiri limayenda kumtundu. Apa m'pamene mtima wanga unagunda. Bambo a kunyumba ndi kalipentala waluso, mipando yawo anthu amachita kulimbirana. Koma zaka 14 zimene takhala m'banja, mauthenga a pafoni ndimawawerengera ndine, amati maso akuwawa. Kutchalitchi buku la nyimbo amangoligwira, nyimbozo anaziloweza. Sukulu analekezera Sitandade 5, chifukwa chake sanandiuzepo, inenso sindinafunsepo. Tsopano alamula kuti teremu ino ikatha mwana asiye sukulu azipita nawo kushopu. Nditakana anati, "Amake mwana, musiyeni, asamakachite manyazi tsiku ndi tsiku ngati…" Mawuwo sanawamalize, anangotuluka panja.

Azakhali, nkhani imeneyi ndiwayambe bwanji osawavula ulemu? Ndikangotchula za kumtundu aona ngati ndikuwanena kuti ndi iwo anamupatsira mwana umbuli, ndipo kwawo akamva, mlandu wake sindingauthe. Ukalipentala sindikuunyoza, ndi umene umatidyetsa. Koma ndaona mmene bambo ake amazunzikira ikabwera fomu yoti asaine, ndipo sindifuna mwana wanga adzadalire mkazi wake kuti amuwerengere ngakhale kalata ya kuchipatala.

Mundithandizenso apa: kodi kuno ku Blantyre kuli gulu la makolo a ana oterewa loti ndingakalowe? Nanga akadzafika Sitandade 8, a MANEB angamuonjezere nthawi pa mayeso, ndipo pempho lake limadzera kwa ndani? Teremu yatsala milungu itatu.

Ine mayi wothedwa nzeru,
Bangwe, Blantyre