Kalata kwa Makolo Potseka Temu Yachitatu

Okondedwa makolo ndi osunga ana,

Moni nonse. Temu yatha bwino. Malipoti tawapatsa anawo m'manja, choncho muwafunse asanakuuzeni kuti anyowa ndi mvula.

Pali nkhani imene yandisowetsa tulo. Sabata yatha tinaliza belu mosachenjeza, kuti tione mmene ana angatulukire moto utabuka. Ine ndinaima pakhonde n'kumaonerera. Nyumba ya Giredi 5 mpaka 7 ili ndi makomo awiri, lina loyang'ana ku ofesi, lina lakumbuyo kufupi ndi mtengo wa mango. Ana onse anakhamukira khomo la ku ofesi n'kupanikizana pomwepo, mtsikana wina mpaka nsapato kuvuka. Khomo lakumbuyo linali chapafupi, koma palibe analiyang'ana n'komwe. Ngakhale aphunzitsi anatsata khamulo!

Anawo sindiwaimba mlandu. Munthu akadzidzimuka amathamangira khomo lomwe analowera, ndipo akaona anzake alunjika uko, nayenso amatsatira. Khomo lakumbuyolo ife tomwe takhala tikulitseka ndi loko, n'kuunjikapo madesiki othyoka. Mwana aliganizira bwanji khomo lomwe sanalionepo lotsegula? Chinanso, zitseko zathu zimatsegukira m'kati, ndiye ana akaunjikana kuseri kwake chitseko sichisuntha. Chiyambireni maphunziro aulere mu 2022, makalasi adzaza, ndipo tinjira ta pakati pa madesiki tachepa kwambiri.

Ena mukukumbukira za pasukulu ya sekondale ya Kyanguli ku Kenya mu 2001, komwe ophunzira 67 anafera m'nyumba yogona itayaka moto, khomo lina lili lokhoma ndipo mawindo ali ndi zitsulo. Mawindo athunso ali ndi zitsulo chifukwa cha akuba.

Tikatsegulira mu Januwale, khomo lakumbuyo lizikhala lotsegula tsiku lonse, ndipo Giredi 7 izilowera ndi kutulukira komweko mpaka miyendo izolowere. Madesiki othyoka tachotsa kale. Belu likalira, malo okumanirana ndi pabwalo la mpira, osati pageti.

Ndikudziwa kuti ino ndi nthawi yobzala ndi kupalira, koma makolo amene muli akalipentala, tipatseniko Loweruka limodzi patchuthichi, mudzatembenuze zitseko kuti zizitsegukira kunja. Mahinjesi ndi misomali tigula ife. Tiuzeni kudzera kwa apampando a komiti ya makolo.

Ine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu