Abwana apa shopu ya makompyuta, RAM munandigulitsa ija si ya 3200

Ndalemba pano poti pa WhatsApp mukungowerenga osayankha, sabata yachiwiri ino ma tick abuluu okhaokha. Mwina pagulu pano muyankha.

Mwezi watha munandimangira kompyuta, Ryzen 5 5600 pa motherboard ya B450 ndi RAM ya 16GB, pa risiti munalemba ndi dzanja lanu kuti DDR4 3200, kutanthauza RAM (memory ya kompyuta) yothamanga pa liwiro la 3200. Ine ndimadya za mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe nde liwiro la RAM kwa ine si nkhani yocheza. Kufika kunyumba kutsegula Task Manager ndikuona 2133 MHz. Sindinadabwe, ndikudziwa kuti RAM zambiri za DDR4 zimayambira pansi chonchi mpaka munthu ulowe mu BIOS (ma setting a motherboard) nkuyatsa XMP, yomwe imapangitsa RAM kuthamanga pa liwiro lolembedwa pa sticker yake. Ndalowa, ndayatsa, save, restart, basi screen yakuda bii, mafani akungozungulira, kagetsi ka DRAM pa board kangoyaka osathima. Ndinachita kuchotsa kabatire ka CMOS kaja, kosunga ma setting a BIOS, nkudikira kaye pang'ono nkubwezeretsa ndi pomwe inadzuka, koma yabwereranso pa 2133 pomwe paja.

Nditabwera nayo, mnyamata wanu wa pa kauntala uja akuti "achimwene mwapanga overclock, warranty yatha". Aaa koma zoona? Inde XMP ena amaitenga ngati overclock (kuthamangitsa chipangizo kupitirira liwiro lake lokhazikika) sindikukana, koma 3200 munalemba pa risiti ija RAM imafikapo bwanji popanda XMP? Komanso 5600 yo anaipanga kuti izigwira ndi DDR4 3200 bwinobwino. Voltage ya CPU sindinaikhudze, multiplier sindinaikhudze, PBO (yothamangitsa CPU mopitirira) sindinayatse nkomwe.

Kenako mwasintha nyimbo, mwati vuto ndi BIOS yakale tiipange update, K20,000. Ndinapereka chifukwa zinali zomveka, ma B450 anatuluka mu 2018 Ryzen 5000 isanabwere ndipo ma update a AGESA (mbali ya BIOS yochokera kwa opanga Ryzen) aja amathandizadi pa nkhani za memory. Koma ndinaima pomwepo nkumaonerera mukupanga flash BIOS opanda UPS (batire yogwirizira kompyuta magetsi akathima), ndi mmene magetsi amathimira kunoku, board yanga ilibe ngakhale batani la flashback lobwezeretsera BIOS ikaonongeka, akanathima pakati ndiye kuti board yafa basi. Ndinkangopemphera chamumtima.

Update itatha kompyuta inayamba kudzuka ndi XMP, ine nkumati zatheka. Usiku womwewo ndili pakati pa export ya ukwati wa kasitomala, blue screen, MEMORY_MANAGEMENT. Ndayambiranso, yagwanso. Ndaika MemTest86, pulogalamu yoyezera RAM, pa flash nkuisiya iziyenda, sipanathe ndi theka la ola mizere yofiira ya ma error ili mbwee.

Apa mpamene ndinatsegula case ndekha, zomwe ndikanapanga tsiku loyamba lomwe. Abwana, timitengo ta RAM tiwiri tija si tamtundu umodzi. Kamodzi sticker yake ikuti 3200 CL16 1.35V, kachiwiri ndi ka kampani ina, 2666 CL19 1.2V, pulogalamu ya CPU-Z pa SPD (pomwe imaonetsa zolembedwa mkati mwa RAM) ikunenanso chimodzimodzi, ma screenshot ndili nawo. Ndiye kuti XMP imakakamiza ka 2666 kaja kuthamanga pa liwiro lomwe si lake, BIOS yatsopano ingachize zimenezo? Ndiponso munatilowetsa mu ma slot A1 ndi B1 pomwe buku la board likunena poyera kuti ukakhala ndi tiwiri uike mu A2 ndi B2. Ndasamutsa, ndayesa kuika 2933 pamanja ikugwabe, pa 2666 mpomwe yakhazikika. Kusonyeza kuti ndinalipira mtengo wa 3200 nkupatsidwa 2666, nkundidyeranso K20,000 ya update yomwe sinali mankhwala ake, pamwamba pake nkumandiuza kuti wolakwa ndine.

Kasitomala wanga vidiyo yake yachedwa masiku 4, akungoimba foni, ine ndikungopepesa ngati ndinadya ndalama zake.

Sindikufuna zambiri. Mundipatse kit imodzi ya 2x8GB 3200, timitengo tofanana tochokera mu paketi imodzi yosatsegula, muiike ine ndili pomwepo, tiyatse XMP, tiyendetse MemTest86 mpaka ithe. K20,000 ija mundibwezere. Loweruka 10 koloko mmawa ndikubwera ndi kompyuta, risiti ndi ma screenshot, ndipo chonde ndipeze inuyo abwana osati mnyamata uja.