Anthu a m'masewera a RPG azikumbukira zimene wosewera wanena

Akonzi,

Opanga masewera a RPG (masewera omwe wosewera amakhala ngati munthu wa m'nkhani) asamangochulukitsa mayankho oti wosewera asankhepo pokambirana. Fallout 4 ya 2015 imapereka mayankho anayi, koma kawirikawiri onse amathera pamodzi, ndipo mawu achidule a pa sikirini amasiyana ndi omwe munthu wam'masewerayo amalankhuladi. Zimenezi zimamugwetsa ulesi wosewera.

Nthambi za zokambirana zimaswana msanga: mayankho atatu pa mafunso asanu otsatizana amabala njira 243, ndipo palibe angazilembe zonse bwino. Nzeru n'kubweza nthambizo pamalo amodzi, koma kusunga variable (malo osungira mfundo mu pulogalamu) yolemba ngati wosewera ananama kapena anaopseza. Patsogolo pake, mlonda wam'masewerawo amukumbutse bodzalo n'kumutsekera chipata. Ink ndi Yarn Spinner, mapulogalamu aulere olembera zokambirana za m'masewera, amatha kuchita zimenezi.

Ife,
Okonza masewera a pakompyuta