Kalata yopita ku Cardiff, za mawu aja akuti spoil

Zomba, Lachisanu usiku

Mnzanga wapamtima,

Kalata yako yafika pamodzi ndi katoni ija. Mafuta odzola ndalandira, zikomo kwambiri. Nsapato zija zathina, moti ndapatsa Nabanda, ndipo akuyenda nazo monyada ngati anakagula yekha kumeneko.

Chandikhazika pansi usiku uno ndi mawu amodzi amene unaponya m'Chingerezi, akuti Khirisimasi ino ukufuna kumuchita spoil mnyamata wako. Iwe, Chichewa chakuthawa kale? Ndikudziwa zomwe umatanthauza, kumusangalatsa, kumugulira zabwino. Atsikana a kuno nawonso masiku ano amati "andispoyila" chibwenzi chikawagulira chipsi ndi nkhuku. Koma ine mawu amenewa ndimalimbana nawo m'kalasi chaka ndi chaka, ndipo sindiwakhulupirira.

Taona ntchito zake. Nyama ikavunda amati spoil, mkaka ukasasa amati spoil. Mvula ikagwa tsiku la ukwati, yachita spoil mwambo. Pepala lovotera likalembedwa molakwika limatchedwa spoilt, wokuuziratu mathero a filimu wakupatsa spoiler, ndipo munthu amene manja akumuyabwa kufuna ndewu amati ali spoiling for a fight. Ife timasiyanitsa, kuvunda kwina, kusasa kwina, kusokoneza kwina. Iwo anaunjika zonsezi pa liwu limodzi, kenako n'kuikanso pomwepo chikondi cha mayi. Ana a Fomu 2 amandiyang'ana modabwa ndikawauza kuti liwu lonena za nsomba yoola ndi lomwelo lonena za kugulira mkazi maluwa.

Chiyambi chake ndiye choopsa. Linachokera ku Chilatini, spolium, chikopa chosendedwa ku nyama, kapenanso zida zimene msilikali ankavula mdani amene wamupha. Linalowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa cha m'ma 1300, ndipo tanthauzo lake linali kufunkha. N'chifukwa chake Baibulo lachingerezi la 1611, pa Eksodo 12:36, limagwiritsa ntchito liwu lomweli ponena za Aisiraeli atatenga siliva ndi golide wa Aigupto. Mpaka lero zofunkha za kunkhondo amati spoils. Zakusasatitsa mwana zinabwera mochedwa, m'zaka za m'ma 1600. Ndiye ukati umuchita spoil mwana, ine m'mutu mwanga ndimaona munthu akuvulidwa kanthu.

Komanso kumene uliko liwuli lili ndi manda ake. Dothi ndi miyala yotayidwa kuchokera mu mgodi wa malasha amaitchanso spoil. Pa 21 October 1966 mulu wotere unagumuka mvula itaunyowetsa, n'kukwirira sukulu ya pulayimale ku Aberfan, pafupi ndi Merthyr Tydfil. Anafa anthu 144, ndipo 116 anali ana. Ukafunse agogo amene umawasamalirawo, ena a iwo akukumbukira.

Tsono ndinene zimene zili kukhosi, poti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mnyamata uja sali bwino. Foni imene unatumiza ija sachoka nayo m'manja. A Phiri a pachigayo amamuona nthawi ya sukulu atakhala pakhonde la sitolo ndi anyamata akuluakulu, akubetcha mpira wa ku England. Yunifolomu amaipinda m'chikwama. Mayeso a JCE akubwera, koma makope ake ndinawaona ndekha, ambiri ndi oyera. Sabata yatha ndinakumana naye pamsika, wandipatsa moni manja ali m'thumba, chomvera nyimbo chili kukhutu. Mwana amene ndinamubereka kumsana iwe ukupita kukalemba mayeso!

Amayi ako sangakuuze zimenezi. Akuopa kukudandaulitsa uli kutali, komanso pali china. Ndalama zimene umatumiza zimafikira pafoni ya mwanayo chifukwa iwo maso anafooka ndipo manambala achinsinsi aja amawasokoneza. Ndiye wogula ufa ndi sopo pakhomo paja ndi iyeyo. Agogo akafuna ndalama ya mankhwala amachita kupempha kwa mdzukulu. Amudzudzula bwanji munthu amene wagwira thumba? Ndinawapeza Lamulungu akusenda chinangwa, ndipo nditafunsa za iye anangoti "akukula," n'kuyang'ana kumbali.

Sindikukuweruza. Ndikudziwa kuti umagwira ntchito usiku, kunyamula nkhalamba za eni, kuzizira kukulowa m'mafupa, ndipo kutumiza katundu ndiyo njira yokhayo yomukhudzira mwana wako. Ndikanakhala ine mwina ndikanachita chimodzimodzi. Koma chonde, foni yatsopano ija imene walonjeza usagule. Ndalama uzitumiza kwa mlamu wako kapena kwa ine, tizikapereka m'manja mwa amayi. Ndipo ukamamuimbira usamangofunsa kuti akufuna chiyani. Umufunse za masamu, umufunse amene akuyenda nawo, akwiye ngati akwiya.

Zina za kuno, mfumu yathu tinaiika m'manda mwezi watha ndipo za wolowa m'malo zikadali mkangano. Nachisale wabereka mapasa. Koma chandipweteka ine ndi magetsi. Anazima kuyambira Lachiwiri mpaka dzulo, chambo chonse chimene ndinasungira alendo a mpingo chinavunda mufiriji, ndi mtengo wa chambo masiku ano! Fungo lake mpaka pano silinachoke ngakhale ndatsuka ndi mandimu. Shuga nayenso akusowa, ukamupeza ndi wa pansi pa kauntala.

Ndimafuna ndikuuzenso zimene mphunzitsi wa sayansi wa mnyamata wako anandinong'oneza za tsiku lija mwanayo anasowa kunyumba, chifukwa sanali kwa azakhali ake monga ananenera, koma pepala latha ndipo mawa ndili ndi makope a kalasi yonse oti ndichonge. Undiimbire Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, iye asali pafupi.

Ndine mnzako wa ku Zomba