Kwa mwana wanga, za tsiku limene ukulifunafuna

Mwana wanga,

Mawu amene unandiuza pa foni Lamulungu lija sanachoke mumtima mwanga. Unati anzako akamachitira umboni amatchula tsiku ndi ola limene anatembenuka mtima, koma iwe ulibe tsiku loti n'kuloza, ndiye wayamba kukayika ngati unabadwadi mwatsopano. Ndagona nazo masiku atatu.

Mawu a kubadwa mwatsopanowo Yesu anauza Nikodemo, pa Yohane 3. Tamutsata bwino munthu ameneyu. Anapita kwa Yesu usiku, nafunsa ngati munthu wokalamba angalowenso m'mimba mwa amake, ndipo mutuwo umatha osatiuza kuti anakhulupirira. Timamupezanso pa mutu 7, ali pakati pa Afarisi anzake, akungofunsa ngati chilamulo chimaweruza munthu asanamumve. Mawu ochepa zedi, koma anamunyoza nawo. Kenako pa mutu 19, pamene ophunzira ambiri anali atabalalika, ndi uyu akubwera ndi mure ndi aloe wolemera makilogalamu oposa 30, kudzaika mtembo wa Ambuye pamodzi ndi Yosefe wa ku Arimateya. Tsono tandiuza, Nikodemo anatembenuka pa mutu uti? Yohane sanalembe tsiku lake.

Ine yomwe inandigwira dzanja ndi nkhani ya wakhungu wa ku Betsaida, pa Marko 8. Yesu atamusanjika manja koyamba, munthuyo anati akuona anthu ngati mitengo yoyenda. Sananame kuti wachira pofuna kusangalatsa Yesu. Ananena zomwe ankaonazo, Yesu n'kumugwiranso m'maso, ndipo apo m'pamene anapenya bwinobwino. Uli wamng'ono, ine ndinatha zaka ndikuona mitengo yoyenda. Masana ndinkaimba nawo m'tchalitchi, usiku ndili maso ndi mafunso. Sindinakuuzepo zimenezi, ndipo ndikanayenera kukuuza kale.

Anzakowo usawakayikire ayi. Zakeyu anasinthadi tsiku limodzi ku Yeriko. Koma ukawerenga Luka 19 sudzapezamo misozi kapena maloto. Udzapeza munthu akulonjeza theka la chuma chake kwa osauka, ndi kubweza kanayi kwa aliyense amene anamulanda monyenga. Atatero m'pamene Yesu anati chipulumutso chafika m'nyumba imeneyo.

Mng'ono wako uja simunalankhulane chiyambanirane chaka chatha. Iye sangayambe, umamudziwa. Umuimbire sabata ino, kenako undiuze mmene zayendera.

Ndimakupempherera m'mawa uliwonse.

Ndine,
Mayi ako