Nthano ikabwera yokha usiku, kukacha imafunabe kukonzedwa

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule za chiphunzitso china chimene chalowerera alembi achinyamata kudzera m'timavidiyo ta pa TikTok ndi m'magulu a pa WhatsApp. Pa Chingelezi amachitcha law of attraction. Chimanena kuti maganizo a munthu amakoka zinthu zofanana nawo: ukamaganiza za chuma, chuma chikupeza, ukamaganiza za tsoka, tsoka likupeza. Chiphunzitsochi chabwera ndi chinzake chonena kuti mlembi weniweni salemba yekha, amangolandira mawu kuchokera kwa mizimu kapena mphamvu ina yake ya kumwamba.

Ndimathandiza kagulu ka ophunzira a sekondale okonda kulemba. Mwezi watha mtsikana wina wa Fomu 4 anandipatsa nthano yake ya masamba 9. Masamba awiri oyamba anandigwira mtima. Munali gogo wina amene madzulo aliwonse amaima pakhomo la khola n'kumaitana nkhuku zake ndi mayina a ana ake amene anamwalira, ndipo satseka kholalo mpaka zonse zitalowa. Ndinawerenga kawiri ndisanatembenuze tsamba. Koma kutsogoloku nthano inasokonekera. Munthu amene wamwalira pa tsamba 5 akupezeka akugula mchere pa tsamba 7, popanda chifukwa chilichonse. Nditamupempha kuti akakonze, anandiyankha mwaulemu ndithu kuti, "Aphunzitsi, sindingasinthepo kanthu. Sindinalembe ndine. Inangobwera usiku, ine ndinali ngati mpopi chabe." Kenako anandionetsa kope lake. Masamba atatu athunthu anali odzaza ndi chiganizo chimodzi chobwerezabwereza chakuti buku lake lasindikizidwa kale.

Mwanayu ali ndi luso, n'chifukwa chake nkhaniyi yandipweteka.

Ziphunzitso ziwirizi sizinakumane mwangozi. Mizu yake ili ku America, m'gulu la New Thought la m'zaka za m'ma 1800, limene linatengera maganizo a Phineas Quimby, munthu amene ankaphunzitsa kuti maganizo angathe kuchiza matenda. M'chaka cha 1906 William Walker Atkinson anasindikiza buku lokhala ndi mawu akuti law of attraction pamutu pake penipeni. Patapita zaka 100, mu 2006, Rhonda Byrne wa ku Australia anatulutsa filimu ndi buku lotchedwa The Secret, ndipo Oprah Winfrey atalikamba pa pulogalamu yake ya pa TV linafalikira dziko lonse. Mmodzi mwa amene anaoneka m'filimuyo itangotuluka kumene anali Esther Hicks, mayi amene amati mwa iye mumalankhula gulu la mizimu lotchedwa Abraham. Choncho amene amauza mwana kuti aganize zabwino kuti buku lake lituluke ndi omwenso amamuuza kuti mawu ake ndi opatulika, sayenera kukhudzidwa.

Sindikutsutsa zoti mawu amatha kubwera okha. Aliyense amene analembapo ndakatulo akudziwa. Inenso zimandichitikira: ndimadzidzimuka atambala asanalire, mzere wathunthu uli m'mutu, n'kuulemba kuseri kwa lisiti ndi kuwala kwa foni. Nthawi imeneyo umamvadi ngati wina wakunong'oneza. Koma ndikabwerera m'mbuyo ndimapeza kumene mzerewo unachokera: mawu amene mayi anga ankakonda kunena akamapeta, nyimbo ya pamaliro imene ndinamva sabata yapitayo, chiganizo chimene chinandikanika masiku atatu. Mutu umapitiriza kugwira ntchito mwini wake ali m'tulo. Wina akanena kuti ndi Mulungu kapena makolo amene amupatsa, sindingalimbane naye. Pamene ndikukana ndi pakuti chimene wapatsidwacho chisakonzedwenso.

Taonani anthu amene ankakhulupiriradi za mizimu. W. B. Yeats, mlakatuli wa ku Ireland amene analandira mphoto ya Nobel mu 1923, anakwatira Georgie Hyde-Lees mu 1917. Patangopita masiku ochepa, mkaziyo anayamba kulemba mawu amene onse awiri ankati akuchokera kwa mizimu, ndipo zolembazo zinafika masamba zikwi zingapo. Yeats sanangonyamula mulu umenewo n'kupita nawo kwa osindikiza. Anakhala nawo zaka zambiri, akusankha, akufunsa, akutaya, mpaka buku la A Vision linatuluka mu 1925. Ngakhale pamenepo sanakhutire. Analilembanso, ndipo lokonzedwalo linatuluka mu 1937. Munthu wokhulupirira mizimu kuposa mwana wanga wa Fomu 4 anatha pafupifupi zaka 20 akukonza zimene analandira.

Ku England nkhani yotere inafika mpaka kukhoti m'zaka za m'ma 1920. Geraldine Cummins ankalemba mofulumira kwambiri mawu amene ankati akuchokera kwa munthu wa m'nthawi ya atumwi dzina lake Cleophas. Frederick Bligh Bond, amene ankakhala nawo pomwepo n'kumasanja zolembazo, anafuna kuti nayenso akhale mwini wake. Woweruza anagamula kuti zolembazo ndi za Cummins, amene dzanja ndi luso lake zinaika mawuwo papepala, ndipo anakana kupereka umwini kwa munthu amene ali kutsidya la imfa. Ndimauza ophunzira anga za mlanduwu kuti adziwe kuti dzina lako likakhala pa nthano, zokoma zake ndi zako, zolakwika zakenso ndi zako. Munthu wogula mchere atamwalira uja sangakankhiridwe kwa mzimu.

Kuno kwathu zoti mzimu ungalankhule mwa munthu si zachilendo. Ku Khulubvi m'boma la Nsanje, kumene kuli kachisi wa Mbona, anthu akhala akumva uthenga kudzera mwa wogwidwa ndi mzimu kuyambira kalekale. Koma uthenga umenewo unkakhudza mvula, chilala ndi makhalidwe a dziko lonse, ndipo unkafika pamaso pa mafumu ndi akuluakulu a kachisi amene ankaumvetsera ndi kuusinkhasinkha. Izi za pa foni zikukamba za ine ndekha, galimoto yanga, kutchuka kwanga, ndipo wofunsa funso amatchedwa munthu wa maganizo oipa woyenera kumupewa.

Choopsa kwambiri chimadza pamene buku lakanidwa. Ngati maganizo ndiwo amakoka chilichonse, ndiye kuti wolakwa ndi mwana yemweyo, sanakhulupirire mokwanira. Sadzafunsa ngati nthano yake inali ndi vuto pa tsamba 5. Sadzaonanso zifukwa zenizeni zimene alembi athu amavutikira: mapepala ndi okwera mtengo, osindikiza ambiri amadalira mabuku a kusukulu chifukwa ndiwo ali ndi msika, ndipo munthu amene akusowa ndalama ya ufa sangagule buku la nthano. Katswiri wa za maganizo a anthu Gabriele Oettingen, wa ku New York University, wakhala akufufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri, ndipo anapeza kuti anthu amene amangolota ali pachipambano amachepa mphamvu yogwirira ntchito, chifukwa mtima umakhala ngati walandira kale chimene ukufuna. Amene amachita bwino ndi amene amaganiza za cholinga chawo kenako n'kuyang'ana chopinga chimene chili patsogolo pawo.

Ndipo tinene chiyani za mlakatuli wathu Jack Mapanje? Anamangidwa mu 1987 n'kusungidwa ku ndende ya Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Kodi tinganene kuti anadzikokera yekha ndendeyo ndi maganizo ake? Amene anakhala ndi moyo m'zaka zimenezo akudziwa kuti kunena choncho n'kunyoza anthu onse amene anazunzika. M'ndendemo analibe ufulu wolemba, choncho ndakatulo zake ankazipeka m'mutu, kuzibwereza ndi kuzisunga mumtima mpaka atatuluka. Imeneyo ndi ntchito yolemetsa kuposa kulemba papepala, ndipo ndi chitsanzo chimene ndingakonde kuti ana athu achidziwe asanadziwe za Abraham.

Pempho langa kwa inu, a Mkonzi, ndi lakuti pa tsamba lanu la zolembalemba muziitanako alembi athu odziwika kuti aonetse ndime imodzi mmene inalili poyamba, yokhwatchidwakhwatchidwa, pambali pa mmene inadzakhalira itasindikizidwa. Ana ambiri sanaonepo pepala lotere, n'chifukwa chake amaganiza kuti kufufuta n'kulephera.

Mtsikana uja sindinamuletse kudzuka usiku, ndipo sindinamuuze kuti ang'ambe masamba atatu aja. Ndinangomufunsa kumene anamva koyamba nkhuku zikuitanidwa ndi mayina a anthu. Anakhala chete kanthawi, kenako anati agogo ake a kumudzi ankatero iye ali wamng'ono, ndipo anali ataiwala. Wavomera kukonza tsamba 5 lokha, ndipo abwera nalo Lachinayi.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa Chichewa, Zomba